Mwana wanga akugunda anthu mu GTA: kodi vuto ndi magazi?

Mayi wina anditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 11 amaswera pa kompyuta ya amalume ake akusewera gemu ya GTA V (Grand Theft Auto V), ndipo anamupeza akugunda anthu oyenda pansi ndi galimoto uku akuseka chikhakhali. Akufunsa kuti: "Kodi ameneyu sadzakhala chigawenga? Nanga ndikamupezera gemu yopanda magazi, ndingagone tulo?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirili, chifukwa ndi pamene makolo ambiri amapusitsidwa.

Mkangano wa magazi unabuka ku America ndi Mortal Kombat ya 1992, gemu ya ndewu imene wopambana ankatha kuzula mutu wa mnzake pamodzi ndi msana womwe. Itayamba kugulitsidwa kuti anthu azisewera kunyumba mu 1993, a kampani ya Nintendo anachotsa magazi n'kuikapo thukuta lotuwa, pomwe a kampani ya Sega anangowabisa kuti aziwonekera ukadina mabatani achinsinsi. Ana anathamangira ya Sega. Mu Disembala chaka chomwecho maseneta Joe Lieberman ndi Herb Kohl anaitanitsa makampaniwa kukawapanikiza ndi mafunso, ndipo mu 1994 kunabadwa bungwe la ESRB loika zizindikiro za msinkhu pa magemu. Ku Ulaya ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la PEGI kuyambira 2003.

Opanga magemu anaphunzirapo luso lopenta. Carmageddon ya 1997 inkapereka mapointi ukaponda munthu ndi galimoto. Ku Britain anthuwo anawasandutsa mizukwa ya magazi obiriwira. Ku Germany asilikali a mu gemu ya Half-Life anasanduka maloboti. Ku China, mu 2019, kampani ya Tencent inachotsa gemu yowomberana ya PUBG Mobile n'kubweretsa Game for Peace, mmene munthu ukamuwombera amagwada, kusiya katundu wake, n'kukubayibitsa. Zoseketsa ndithu. Koma zala za wosewera zikugwira ntchito yomwe ija: kulunjika, kuwombera, kutola mphotho.

Ndiye musamayang'ane mtundu wa magazi. Khalani pambali pake muone kuti gemuyo ikumutuma kupweteka ndani, ndipo akatero ikumupatsa chiyani. Mu GTA V muli gawo lina limene wosewera, ali ngati Trevor, mmodzi wa zigawenga za m'nkhaniyo, amazunza munthu womangidwa pampando. Zida amasankha yekha: pulayazi yozulira dzino, mawaya a magetsi, chisipanala chachikulu. Gawoli silidumphika ngati ukufuna kupitiriza nkhaniyo. Ena amati gawoli likunyoza mmene maboma amazunzira anthu pofuna kuwaulutsa zinsinsi, ndipo wamkulu angathe kumva chipongwecho. Wa zaka 11 amangoona dzino likuzuka. N'chifukwa chake PEGI inalembapo 18, ESRB n'kulembapo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'mwamba.

Pali magemu ena amene amaonetsa nkhanza kuti ikuwawe. Mu This War of Mine ya 2014 suli msilikali koma munthu wamba wotsekeredwa mumzinda wa nkhondo. Usiku ukhoza kulowa m'nyumba ya agogo awiri n'kuwabera chakudya ndi mankhwala. Sakumenya, amangokuchonderera. Ukabwerera, anzako amakhumudwa, ena mpaka kulephera kugwira ntchito. Magazi ndi ochepa, koma mtima umalemera kuposa utawombera anthu mazana mu gemu ina. Imeneyonso si ya mwana wanu, ndangoitchula kuti muone kusiyana kwake.

Tsono za uchigawenga. Ofufuza akhala akukokanakokana kwa zaka zambiri. Mu 2011 khothi lalikulu la ku America linathetsa lamulo la ku California loletsa kugulitsa magemu achiwawa kwa ana, ndipo mwa zina linati umboni womwe unaperekedwa sunasonyeze kuti magemuwa ndiwo amachititsa ana nkhanza. Mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo la American Psychological Association linati pali kugwirizana pang'ono pakati pa magemuwa ndi ukali monga kukalipa kapena kukankha anzako, koma palibe umboni wokwanira wowagwirizanitsa ndi milandu yachiwawa. Ine ndimakhulupirira zimenezi. Mwana woleredwa bwino sasanduka mbava chifukwa cha Trevor. Kuseka komwe munamva kuja kawirikawiri n'kuseka mmene kachidole kakugubuduzikira, osati imfa.

Komabe GTA V mumuchotsere. Osati poopa kuti adzapha munthu, koma chifukwa muli zozunzazo, zolaula ndi kutukwana kosayenera msinkhu wake. Lankhulani ndi amalume akewo kaye, chifukwa kompyuta ndi yawo ndipo akhoza kuika pasiwedi. Mwanayo mumuuze chifukwa chake maso ndi maso, apo ayi akapitiriza kwa anzake. M'malo mwake mungamupezere ina: Minecraft ili pa PEGI 7, kutanthauza zaka 7 kupita m'mwamba, Fortnite pa 12, magemu ampira ambiri pa 3. Akamasewera ya pa intaneti, muzimitse zolankhulana ndi anthu osawadziwa, chifukwa zizindikiro za msinkhuzi siziyeza zimene munthu wamkulu wa kutsidya lina anganene m'makutu mwa mwana wanu.