Musaipereke kwa wopenta musanaifufuze

Achimwene, taimani kaye! Zithunzi za felemu ya njinga yanu yakale ndaziona. Zoti mupentetse felemuyo kenako muzifufuza amene anaipanga, ine ndinachita zomwezo ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa.

Yanga inali ngati yanuyo, yachitsulo, yopanda dzina kutsogolo, kasitika kosonyeza mtundu wa mapaipi ake, Reynolds 531, katangotsala theka. Penti yobiriwira inali itayamba kusupuka, koma ukaiika padzuwa la madzulo, pa paipi yotsikira kumapedulo pankaoneka kamthunzi ka zilembo pomwe panali dzina kale. Zitatu kapena zinayi ndinkaziona ndithu. Ndinati ndidzaziwerenga bwino tsiku lina. Sindinajambule n'komwe.

Wopentayo ndinamuuza kawiri konse kuti pansi pa bottom bracket, pomwe pamalowa ekiselo ya mapedulo, pali nambala ya felemu, asakhudzepo. Iye amvekere, "Musadandaule bwana, ife timapenta magalimoto." Patatha masabata atatu ndinaipeza itapachikidwa pawaya, yofiira psuu, ikunyezimira. Kuitembenuza, pansi pali see! Ndinapititsapo chala, ndinakandapo ndi chikhadabo, palibe kanthu. Akuti panali dzimbiri, ndiye anapalapo ndi girayinda n'kumatapo filler, phala losalazira chitsulo. Ma lug, tizitsulo tolumikizira mapaipi, amene mmisiri anakhala akuwasalaza ndi tupa mpaka m'mphepete mwake mutapyapyala, anali atamira m'penti yokhuthala ngati ya geti. Ndinangokhala pansi pomwepo, manja kunjenjemera. Munthu ali pambali akumwetulira, "Mwaiona? Yakhala ngati yatsopano." Anamuuza ndani kuti ndikufuna yatsopano? Chinthu chakhala zaka makumi angapo chikusunga dzina lake, iye wachifufuta mphindi ziwiri, ndipo ndalama anafuna zonse. Ndinalipira, kupusa kwanga.

Kasitika ka 531 musakadalire kwambiri. Mapaipi amenewo kampani ya Reynolds inayamba kupanga mu 1935 ndipo amisiri osawerengeka anawagwiritsa ntchito, komanso masitika atsopano amagulitsidwa pa intaneti, aliyense angathe kumata. N'chifukwa chake felemu zambiri zolembedwa Colnago, dzina la njinga zotchuka za ku Italy, zimapezeka kuti si Colnago.

Chimene chinanditsalira ine ndi kuyeza. Bottom bracket ikakhala ya mamilimita 70 m'lifupi, kawirikawiri ndi ya ku Italy, ndipo mazinga ake mbali zonse amamangira kumanja. Ikakhala 68 ndipo mbali ya tcheni ikumangira kumanzere, kawirikawiri amenewo ndi mazinga achingerezi. Za ku France nazo ndi 68 koma mazinga ake ndi ena, musakakamize chitsulo cholakwika. Yezaninso mpata wolowa habu yakumbuyo. 120 ndi wa nthawi ya magiya asanu, 126 unafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, 130 unabwera pambuyo pake, ngakhale ena amaikanula felemu ndiye zimasokoneza. Chitsulo cha chishalo chikamalowa cha 27.2, nthawi zambiri mapaipi ake ndi abwino, opyapyala. Onaninso pomwe pamakhala ekiselo ngati palembedwa Campagnolo, kampani ya ku Italy yopanga zitsulo za njinga. Yanga inatuluka 68, 120 ndi 27.2.

Ndiye foloko. Ichotseni muone paipi yake yobisika m'kati ija. Amisiri ambiri a ku Britain ankadinda nambala yomweyo pamenepo kuti foloko isasiyane ndi felemu yake popenta. Yanga ndinaipeza pomwepo patatha chaka, manambala anayi, poti girayinda ija sinafikeko. Mukaona kankhunda kodindidwa pamenepo, ndi mapaipi a kampani ya ku Italy ya Columbus.

Komatu kunena zoona, nambalayo sinandipatse dzina mpaka pano. Amisiri ang'onoang'ono aliyense ankawerenga mwa njira yake, ena ankapangira masitolo amene ankamatapo maina awo. Zilembo zija ndi zimene zikanandiuza.

Choncho penti ya pa paipi ya dzina ija musaikhudze, olo pang'ono. Koma ngati pansipo nambala sikuoneka, palanipo ndithu ndi sandipepala yosalala mpaka chitsulo chioneke. Ndipo ngati dzimbiri lalowa kwambiri, ipentetseni basi mukamaliza kufufuza, bola muimirire pomwepo akamapala. Tatumizani zithunzi zapafupi za ma lug ndi pamwamba pa foloko, zojambula padzuwa, osati izi za m'nyumbazi.