Achemwali, yambani ndi AERC ya ku Nairobi

Achemwali, poti mukufuna komwe mungapeze thandizo pa kafukufuku wanu wa umphawiyo, mpititseni ku AERC, African Economic Research Consortium. Likulu lake lili ku Nairobi ndipo bungweli lilipo kuyambira 1988, limasonkhanitsa akatswiri a zachuma ochokera m'maiko ambiri a kuno ku Africa. Ali ndi gulu loona za umphawi, ntchito ndi kusiyana kwa mapezedwe pakati pa olemera ndi osauka, ndiye mutu wanuwo ukulowa bwinobwino.

Chomwe ndimawakondera ine si ndalama zothandizira kafukufuku zokha ayi, ndi misonkhano yawo ija ya kawiri pachaka. Ukapereka proposal umayima pamaso pa maprofesa n'kumakufunsa mafunso mpaka thukuta kamukamu, koma pepala lako limachokako litawongoka ndithu, komanso umapezako anzako a ku Ghana kaya ku Kenya amene mudzalembe nawo limodzi mtsogolo.

Koma musapite chimanjamanja. Tengani data ya Integrated Household Survey, kafukufuku wa m'makomo wa National Statistical Office (NSO) ku Zomba, ya 2019/20 ija inapeza kuti anthu 50.7 pa 100 aliwonse m'Malawi muno anali osauka, ndipo datayo imapezeka pa intaneti ku World Bank. Funso lanu likhale lolunjika, boma limodzi kapena nkhani ya alimi okha, osati umphawi wonse.

Pa za sampling weights (manambala oonetsa kuti banja lililonse lofunsidwa likuimira mabanja angati) pokhapo musachite nokha chonde, pezani katswiri wa statistics kapena supervisor wanu ku dipatimenti ya Economics aone kaye musanatumize, chifukwa mukaphonya pamenepo manambala onse amasokonekera.