Kulandiridwa ku yunivesite yakunja popanda ndalama za PhD: musanyamuke

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana amene anamaliza digiri yachiwiri pa za umoyo wa anthu zaka ziwiri zapitazo. Akuti wakhala akutumiza imelo imodzimodzi kwa mapulofesa ambiri akunja kupempha malo a PhD, ndipo ambiri sanamuyankhe. Yunivesite ina ya ku Britain yamulandira, koma pa za ndalama yangomuuza fizi yoti alipire. Bambo ake akumuumiriza kuti anyamuke. Akuti agulitsa malo awo kuti alipire chaka choyamba, ndipo zotsalazo zidzadziwika akafika. Iye akufunsa ngati apite kapena adikire. Makalata otere amandipeza chaka ndi chaka, ndipo chimene chimasintha ndi dzina la yunivesite lokha.

Achemwali, musapite. PhD ya ku Britain imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo wophunzira wakunja amalipira fizi yokwera kwambiri kuposa nzika ya dzikolo, osawerengera nyumba ndi chakudya. Viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo malipiro a maola amenewo sangakwanitse fizi ya chaka chachiwiri. Kukulandirani sikunaitayitse kanthu yunivesiteyo, chifukwa wophunzira wodzilipirira yekha amaibweretsera ndalama. Komanso thandizo lambiri limakonzedwera anthu amene sanayambe maphunzirowo, choncho amene wanyamuka poganiza kuti akalipeza konko amakhala wadzitsekera makomo ena.

Kwa inu Bambo, ndikudziwa kuti mukufuna kumva mwana wanu akutchedwa Dokotala, koma kuthamanga si kufika. Ndalama zikadzatha pakati pa chaka chachiwiri, mwanayo adzabwerera wopanda digiri, inu muli opanda malo, ndipo iye adzasenza mlandu wa chinthu chimene sanasankhe yekha. Musiyeni afufuze njira yolipiriridwa, ngakhale itatenga chaka china.

Tsopano za maimelo aja. Pulofesa amazindikira pa mzere woyamba uthenga umene watumizidwanso kwa anzake, makamaka ukamati "ndine wokonzeka kufufuza china chilichonse chimene mungandipatse". Kalata yotere imasonyeza munthu amene akufuna kuchoka kwawo, osati amene ali ndi funso lomuvutitsa, ndipo sindidabwa kuti sinayankhidwe.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri, imenenso ophunzira ambiri amailambalala, ndi malo a PhD olengezedwa ngati ntchito. Ku Netherlands, Sweden, Norway ndi Denmark, komanso m'madipatimenti ambiri a ku Germany, wochita PhD nthawi zambiri amalembedwa ntchito ndi yunivesite, amasaina kontirakiti ndi kulandira malipiro a pamwezi, ndipo salipira fizi. Izi zimatheka chifukwa pulofesa amayamba wapempha ndalama za kafukufuku ku mabungwe othandiza za sayansi, ndipo akazipeza ndi pamene amalengeza kuti akufuna munthu wogwira gawo lina la ntchitoyo. Funso la kafukufuku limakhala litakonzedwa kale, ndalama zilipo kale, ndipo ntchito yanu ndi kusonyeza kuti mungathe kuligwira. Malo amenewa amalengezedwa pa masamba a pa intaneti monga pa EURAXESS, pa AcademicTransfer kwa ofuna ku Netherlands, pa FindAPhD, ndi pa masamba a ntchito a mayunivesite enieniwo, ndipo amatuluka chaka chonse, osati nyengo imodzi. Palinso malo a Marie Skłodowska-Curie Doctoral Networks a bungwe la European Union, amene amalandira munthu wa dziko lililonse, bola asakhale ndi PhD kale, komanso asanakhale m'dziko limene akufunsiralo kwa miyezi yopitirira 12 m'zaka zitatu zapitazo. Lamulo lachiwirili limakomera munthu wochokera kutali ngati inu.

Pofunsira malo otere, werengani chilengezocho mosamala, muone luso limene atchula. Ngati akufuna wodziwa kusanthula ziwerengero ndi pulogalamu ya R kapena Stata, musangolemba kuti mumaidziwa. Nenani kuti munaigwiritsa ntchito pati m'kafukufuku wanu wa digiri yachiwiri, pa anthu angati, ndipo munapeza chiyani. Werengani nkhani ziwiri kapena zitatu zimene gulu la pulofesayo lasindikiza posachedwa, kuti kalata yanu itchule pamene ntchito yanu ikukumana ndi yawo. Akakuitanani kukucheza nanu pa intaneti, adzakufunsani zofooka za kafukufuku wanu, ndipo amene amayankha kuti analibe chofooka chilichonse amakhala wadzichotsa yekha pa mndandanda. Makalata asanu olembedwa motere amaposa makumi asanu okoperana.

Masikolashipu odziwika alipo, ndipo muwayese, koma mudziwe kuti aliyense akuthamangira komweko. Commonwealth Scholarship imalipirira PhD ku Britain, ndipo imafuna kalata yochokera kwa amene wavomera kuyang'anira kafukufuku wanu ku yunivesite ya kumeneko. DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira, imathandiza ofuna ku Germany, Gates Cambridge ndi ya ku Cambridge kokha, ndipo Fulbright imadzera ku kazembe wa America. Chevening musataye nayo nthawi, pakuti ndi ya digiri yachiwiri ya chaka chimodzi basi. Kuyambira 2021, thandizo la UKRI, bungwe la boma la Britain lopereka ndalama za kafukufuku, linatsegukira ophunzira akunja, ngakhale kuti gawo lawo silipitirira 30 pa 100 alionse. Ku America mumafunsira ku dipatimenti, nthawi zambiri pofika Disembala kapena Januwale, maphunziro amatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo ndalama zimabwera mukamathandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Zambiri mwa izi zimatseka miyezi yochuluka maphunziro asanayambe, choncho lembani mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL nthawi ilipo, pokumbukira kuti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo aphunzitsi okuchitirani umboni muwapemphe kudakali mwezi wathunthu.

M'kalata yanu simunatchule kalikonse kamene mwasindikiza, ndiponso simunanene funso limene mukufuna kufufuza, pamene amene mukupikisana nawo ambiri ali ndi zonse ziwiri. Ngati zaka ziwirizi zangodutsa mukudikira mayankho a imelo, ndiye kuti zatayika. Fufuzani ntchito yothandizira pa kafukufuku wa wina, ndipo mubwerere kwa amene anakuyang'anirani pa digiri yachiwiri kuti musandutse zimene munalemba kukhala nkhani yosindikiza m'magazini ya akatswiri.

Komabe yunivesite ija sikanakulandirani zikanakhala kuti mapepala anu ndi osakwanira, ndipo zimenezo ndi poyambira. Ilembereni sabata ino, muifunse ngati ingakusungireni malo mpaka chaka chamawa, ndiponso ngati pulofesa amene wakuvomerani angakulembereni kalata yothandizira pempho la Commonwealth. Yankho likabwera, muliwerenge pamodzi ndi Bambo malo aja asanapeze wogula.