Mano atatu apita, ululu ulipobe: azulenso lachinayi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Akuti amayi ake, a zaka 58, avutika ndi tsaya la kumanja kwa chaka ndi theka. Mano atatu azulidwa kale, koma ululu ukubwerabe ngati shoko ya magetsi akamasamba kumaso kapena akamatafuna, n'kuleka pasanathe mphindi imodzi. Funso lake ndi lakuti: "Dzino lotsatira tikazulitse kuti? Mwina onsewa akhala akuphonya dzino lenileni."

Achemwali, musazulitsenso. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutalekeza kuwerenga pomwe pano, dzino lachinayilo likhale lapulumuka.

Nkhope yonse, mano onse 32, nkhama, mbali yaikulu ya lilime, ngakhale mphako zimene zili m'mafupa a masaya, zimatumiza uthenga wa ululu ku ubongo kudzera mu mtsempha umodzi mbali iliyonse. Madokotala amautchula kuti trigeminal nerve. Uli ndi nthambi zitatu: ina imapita ku diso ndi pamphumi, ina ku tsaya ndi mano a m'mwamba, yachitatu ku nsagwada ndi mano a m'munsi. Zili ngati nyumba zambiri zolumikizidwa pa waya umodzi. Ubongo ukalandira uthenga, nthawi zina umasokoneza kumene wachokera. N'chifukwa chake munthu amaloza dzino la m'mwamba n'kulumbira kuti ndi lomweli, pamene lowola lili m'munsi, ndipo dzino lotafunira la m'munsi limatha kumveka ngati khutu. Chinthu chimodzi chokha ululu wa dzino suchita: suwoloka kuchoka kumanja kupita kumanzere. Choncho chala cha wodwala si umboni wokwanira. Umboni uli m'khalidwe la ululuwo.

Dzino lodwala lili ndi khalidwe lake lodziwika. Likangoyamba kubowoka, limalasa mukamwa madzi ozizira kapena mukadya chotsekemera, n'kusiya pakangopita masekondi ochepa. Limeneli ndi lofunika kumata basi. Kuwola kukafika m'kati, kumene kuli kamtsempha ka dzinolo, ululu umayamba wokha popanda choukhudza, umagunda ngati mtima, umakhalitsa mphindi zambiri kapena maola, tiyi wotentha amaukolezera, ndipo usiku mukagona ndiye umakula chifukwa magazi amachuluka kumutu. Pa siteji imeneyi munthu amalephera kuloza dzino lenileni. Kenako kamtsempha kaja kakafa, ululu umatha kwa masiku angapo, mwini wake n'kumati ndachira. Sanachire. Mafinya akuunjikana kunsonga kwa muzu, ndipo ululu ukabweranso dzinolo limamveka ngati latalika kuposa anzake, kungoligunda ndi lilime munthu n'kudumpha. Apa ndiye wodwala amaloza molondola.

Palinso dzino long'aluka, limene limavutitsa ngakhale akatswiri chifukwa mng'alu wake kawirikawiri suoneka pa X-ray. Limeneli ndi la anthu amene analuma kamwala mu mpunga kapena mu nyemba, okonda chimanga chokazinga, ndi aja otsegula botolo ndi mano. Limalasa mukaluma chinthu cholimba, makamaka pamene mukumasula nsagwada.

Zonsezi zimayezeka, ndipo zipangizo zake si zodula. Dokotala amaika kathonje kozizira kwambiri pa dzino limodzi limodzi n'kuona ngati ululu ukukhalitsa. Amagogoda dzino lililonse ndi chogwirira cha kagalasi kake, kuyambira amene sakuwaganizira n'komwe kuti akhale ndi poyerekeza. Amakulumitsani kathonje kapena kamtengo pa nsonga iliyonse ya dzino. Amaona nkhama ngati ili ndi kachithupsa kotulutsa mafinya. Kenako X-ray. Ngati zonsezi zachitika ndipo palibe dzino limene lavomera mlandu, pulayala isalowe m'kamwa.

Apa ndiye pamene pamandiwawa mtima. Kwathu kuno mawu akuti "kwa dokotala wa mano" ndi akuti "kukazulitsa" akhala ngati mawu amodzi. Wodwala amafika atagamula kale, sanagone masiku anayi, wabwera ndi ndalama ya minibasi ya ulendo umodzi wokha, ndipo akamuuza kuti dzino lanu lilibe vuto amaona ngati am'mana thandizo. Amatuluka n'kukafuna wina amene angavomere kuzula. Ndikumvetsa kumene chizolowezichi chinachokera. Maphunziro a udokotala wa mano m'dziko muno anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). M'mbuyo monsemo madokotala a mano ankaphunzira kunja ndipo anali owerengeka, ntchito yambiri ikugwiridwa ndi ma dental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, pa mizere yaitali, ndi zipangizo zomatira mano zosowa. Kuzula kumatha msanga ndipo kumachiritsadi dzino lowola. Koma kumvetsa si kuvomereza. Dzino loyamba kuzulidwa molakwika ndinganene kuti ndi ngozi. Lachiwiri likazulidwa mbali yomweyo pa ululu womwewo, wina anayenera kuima n'kufunsa kuti bwanji loyamba lija silinathandize. Lachitatu ndiye palibe chodzikhululukira, ndipo mlandu ndi wa tonse, wozula ndi wokakamiza kuti azulidwe.

Tsopano yerekezani khalidwe la dzino limene ndafotokozali ndi zimene mwalemba za amayi anu. Kalata si chipatala, ayenera kuonedwa ndi maso, koma zonse mwatchula zikuloza ku matenda a mtsempha uja weniweniwo, trigeminal neuralgia. Ululu wake ndi wa masekondi, ukatalika mphindi ziwiri. Umabwera mbali imodzi, kawirikawiri ku tsaya kapena ku nsagwada. Umayamba ndi zinthu zimene sizingapweteke munthu: kupukuta kumaso, mswachi, kuyankhula, kudzola mafuta, mphepo ya pa kabaza, kapena kamphepo ka chiperoni ka mu June ndi July. Pamakhala kamalo kamodzi, nthawi zambiri pambali pa mphuno kapena pamlomo, kamene kakangokhudzidwa zonse zimayaka. Pakati pa shoko ndi shoko munthu amakhala bwinobwino, ndipo usiku ambiri amagona. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50, amayi kuposa abambo. Muwayang'anitsitse amayi anu m'mawa: mupeza kuti akusamba mbali imodzi ya nkhope, akutafunira kumanzere kokha, akuphimba tsaya ndi mpango potuluka panja, ndipo pakati pa nkhani amangoti zii, nkhope itakwinyika, kenako n'kupitiriza. Wa dzino lowola amagwira tsaya ndi kulisisita. Wa mtsempha salola ngakhale mdzukulu kumukhudza.

Chimene chimayambitsa, mwa anthu ambiri, ndi mtsempha wa magazi umene wagona pa mtsempha uja pafupi ndi pamene umatulukira mu ubongo, n'kumaugunda zaka ndi zaka mpaka khungu lake louteteza litaperepeseka, ngati waya wa magetsi wosendeka. Vuto lili m'kati mwa chigaza. Ndipo matendawa ali ndi msampha wake: amatha kuleka okha kwa masabata kapena miyezi. Munthu amazulitsa dzino, jakisoni wa dzanzi n'kuziziritsa mtsempha tsiku limenelo, mwina n'kugweranso pa nyengo imene matenda apuma, banja lonse n'kunena kuti linali dzino lomwe lija. Akayambiranso, akuti lasamukira ku linzake.

Panado ndi bufeni sizigwira ululu umenewu, ndipo chimenecho pachokha ndi chizindikiro. Mankhwala oyamba ndi carbamazepine. Ambiri akamva kuti ndi mankhwala a khunyu amawasiya m'thumba, koma ntchito yake ndi kuziziritsa mtsempha umene ukuwombera wokha, kaya uli mu ubongo kaya kumaso. Amayamba ndi pang'ono, 100 mg kamodzi kapena kawiri pa tsiku, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka ululu utagonja. Ambiri amakhazikika pa 200 mg katatu kapena kanayi pa tsiku. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, osati pamene shoko yabwera. Kuyamba ndi mlingo waukulu kumabweretsa chizungulire ndi kudzandira, munthu n'kuwataya asanaone phindu. Si mankhwala ogula nokha. Amafooketsa dolutegravir, amene ali mu ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, moti a kuchipatala amayenera kusintha mlingo. Amafooketsanso mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera koika pamkono. Kwa amene akumwa mankhwala a BP otchedwa HCT, awiriwa pamodzi amatha kutsitsa mchere wa m'magazi. Ndipo tiziphuphu pakhungu, zilonda m'kamwa kapena maso ofiira ndi kutentha thupi m'masabata oyamba ndi chifukwa chothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Zina zimene zimanamizira dzino

Mashingozi a kumaso amayamba ndi ululu wootcha masiku angapo matuza asanatuluke, ndipo matuza akapola ululu umatha kutsala miyezi. Umenewu sudukiza ngati shoko, umangotentha, khungu n'kumadana ndi nsalu. Mufunse ngati amayi anu anatulukapo matuza mbali imeneyo. Acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka, ndipo akafika pamphumi kapena pansonga ya mphuno, diso lili pa ngozi.

Mphako za m'masaya zikatupa chimfine chitatha, mano a m'mwamba a kumbuyo amawawa angapo nthawi imodzi, ndipo zimakula mukawerama, monga posesa kapena pochapa. Mfundo ya nsagwada, imene ili kutsogolo kwa khutu, imawawa mophwanya, makamaka m'mawa kwa anthu okukuta mano kutulo ndi amene ali ndi nkhawa. Ikani zala zanu zitatu choimika pakati pa mano a kutsogolo, zikalephera kulowa ndiye kuti pakamwa sipakutseguka mokwanira. Kutupa kunsi kwa nsagwada kumene kumabwera nsima ikangofika patebulo n'kuphwa pakapita nthawi ndi kamwala kotseka njira ya malovu. Ndipo bambo amene nsagwada imamuwawa akamakwera chitunda cha ku Ndirande kapena ku Soche, n'kusiya akapuma, akayezetse mtima, asiye mano.

Ndisanaiwale, poti nkhani ya mano sitha popanda izi. Mu dzino mulibe nyongolotsi. Wina akakufukizani utsi n'kukuonetsani tizinthu toyera m'mbale ya madzi, sizinachoke m'dzino mwanu. Asidi wa batire, parafini ndi mafuta a mabuleki zimaotcha nkhama ndi tsaya, dzino n'kukhala momwe linaliri. Aspirin woika pa nkhama amasiya chilonda choyera chimene tsiku lotsatira chimawawa kuposa dzinolo. Piritsi limagwira ntchito likamezedwa. Amoxicillin wogula makapusozi anayi pa golosale sachiritsa dzino, chifukwa m'kati mwa dzino lakufa simufika magazi oti anyamule mankhwalawo. Amangophwetsa chotupa kwa kanthawi. Pa ululu wa dzino weniweni, pamene mukudikira kuonedwa, munthu wamkulu amwe panado 1 g maola 6 aliwonse osapitirira 4 g pa tsiku, ndi bufeni 400 mg katatu pa tsiku atadya, kupatula wa zilonda za m'mimba, wa impso ndi woyembekezera. Mphini pa tsaya la munthu wa mtsempha ndiye nkhanza zenizeni, chifukwa mukutema pamalo pomwe pamayatsa ululu.

Pali zina zosadikira n'komwe. Kutupa kumene kwatsikira kunsi kwa chibwano mbali zonse, lilime likukwera, malovu akulephera kumezeka, ndi mafinya a dzino amene akupita kukatseka mpweya. Ameneyo apite ku Queens ngakhale pakati pa usiku. Chilonda cha m'kamwa chimene chadutsa masabata atatu osapola, dzanzi la mlomo wa m'munsi lobwera lokha, kapena banga lofiirira kumwamba kwa m'kamwa ziyenera kuyezedwa. Mwana amene tsaya likutupa msanga ndipo mano akugwedera popanda kuwola asazulidwe chilichonse: imeneyo imatha kukhala khansa ya Burkitt, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imamva mankhwala ikapezeka msanga.

Tsono inu achemwali, chitani izi. Kwa sabata imodzi lembani nthawi imene shoko yabwera, chimene chinaiyambitsa, ndi masekondi amene yatenga. Tengani pepalalo, buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amayi akumwa, mupite ku health centre yanu mukapemphe kalata ya ku Queens. Kumeneko a mano akatsimikize ndi X-ray kuti sipanatsale muzu pamene anazula paja, kenako akaonedwe ndi dokotala wa matenda a m'thupi. Mukanene mawu akuti "shoko ya masekondi, akakhudzidwa", osati "dzino likuwawa". Ngati pali dzanzi kumaso, khutu losamva mbali yomweyo kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, mukatchule, chifukwa pamenepo pamafunika kujambula mutu ndi MRI. Pakadali pano azisamba ndi madzi ofunda, azidya zofewa monga phala ndi nsima yofewa kuti asaonde, ndipo mswachi ukhale wofewa.