Diso la achimwene anuwo lisadikire mawa

Achemwali ena a ku Senga Bay anditumizira imelo. Akuti achimwene awo, omwe ndi asodzi, anasiya kumwa ma ARV chaka chatha, pano atuluka matuza pachipumi mbali imodzi mpaka pamphuno, diso lafiira. Ndiye akufunsa ngati ndi pink eye ija inavuta mu 2024, komanso ngati mkaka wa m'mawere ungathandize.

Achemwali, mmene mwafotokozeramu zikumveka ngati mashingozi. Kachilombo kake ndi komweko ka katsabola, munthu ukadwala uli mwana kamangobisala m'mitsempha zaka ndi zaka, chitetezo chikangotsika basi kadzuka. Matuza ake amagwira mbali imodzi osadumpha pakati pankhope ndipo amawotcha ngati moto. Chandidetsa nkhawa ine ndi pamphunopo, chifukwa mtsempha wofika kunsonga ya mphuno ndi womwewonso umapita m'diso, ndiye matuza akafika pamenepo nthawi zambiri diso nalo lakhudzidwa. Mankhwala alipo, aciclovir, amamwa kasanu patsiku, koma amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukireni matuza. Ngakhale masikuwo apitirira apitebe kuchipatala.

Chonde m'disomo musathiremo kanthu, kaya mkaka, mkodzo, shuga kaya madzi a masamba. Madontho ogula okha ku famase nawonso ayi, ena amakhala ndi ma steroid omwe pa matenda ena a mavairasi amangokulitsa chilonda.

Palinso kachilombo kena kotchedwa CMV, aka ndiye kamadya mwakachetechete kuseri kwa diso, makamaka CD4 (chiwerengero cha asilikali a chitetezo m'magazi) ikatsika pansi pa 50. Sikawawa, diso silifiira, munthu amangoona timadontho takuda tikuyandama kapena chifunga, nkumati ndatopa ndi dzuwa la panyanja, pomwe gawo la diso lomwe lafa silibwereranso. Muwafunse ngati akuona zoterozo ndipo akanene kwa adokotala.

Akwere kabaza kapena minibasi lero lomwe apite pa chipatala chachikulu cha Salima, akapemphe kuonana ndi a zamaso, zikavuta amatumiza ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma. Ndikudziwa ambiri amaopa kubwerera ku ART, kolandirira ma ARV kuja, poti akawakalipira, koma kukalipiridwa kumatha, diso ndi limene silibwera. Akanene chilungamo kuti anasiya liti, awayeze CD4, ndipo awaone m'maso kaye chifukwa ma ARV akayambanso kugwira diso lomwe linali ndi CMV nthawi zina limatupa mkati. Muwaperekeze ndinu, ndipo kabuku kawo ka kuchipatala musakaiwale.