Ine zipolopolo zodzazanso zinandidyera chala

Achimwene, mwafunsa mu gulu muno za mtundu wa mfuti ndi zipolopolo zake. Koma zofuna zipolopolo zomadzazanso nokha kuti musawononge ndalamazo, imani kaye. Ndikulemba ndi dzanja limodzi ndi theka.

Ndimalima mbatatesi ku Bembeke. Mfuti yanga inali ya machaka, ija amati 12 bore, ya mpope umodzi, yosiya malemu bambo, mapepala ake onse bwinobwino. Nguluwe zinandilowerera, usiku umodzi mizere yonse yafukulidwa ngati mwadutsa thirakitala. Zipolopolo za m'sitolo zinali zitandithera, kupita ku Lilongwe ndi ndalama inanso. Ndiye mkulu wina wa pa msika wa kumalireku akuti bwanji mukuvutika akulu, bweretsani makoko anu akalewo ndikudzazireni pa theka la mtengo. Ndinamupatsa makoko 10. Anabweza atatseka kukamwa kwake ndi phula la kandulo. Ndinaona ndithu phulalo, koma umphawi unanditseka maso.

Tsiku lake kunali chifunga chija cha kuno, chosaona ngakhale phazi lako. Mwana wanga wamkulu atagwira tochi kumbuyo kwanga. Tamva kufwenthera m'munsi mwa mizere, ndaloza, ndakhethemula. Inangoti "fuu" ngati wina watsegula botolo la thobwa. Paphewa osagunda n'komwe. Apa mpomwe ndinalakwa ine. Chipolopolo chikalira mofooka chonchi ndiye kuti kachotsekera kamene kamakankha machaka kakhoza kutsalira mumpope, ndipo munthu umayenera kuthyola mfuti, kusuzumira, kuona kuwala mbali inayo. Ine mtima uli pa nguluwe, ndathyola, ndataya khoko, ndalonga china, ndakhethemulanso. Moto unatulukira m'mbali. Mpope unang'ambika ngati nsungwi pamalo penipeni pomwe ndinagwira ndi dzanja lamanzere. Ululu sindinaumve msanga, ndinkangomva makutu kulira, fungo la wonga, ndi mwana akukuwa "Ababa! Ababa!" tochi ili pansi ikuwunika masamba. Nditakweza dzanja, chala chamkombaphala chikulendewera ndi khungu lokha. Anandimanga ndi mpango wa mayi ake, njinga yamoto mpaka ku chipatala ku boma, kuzizira kumene kuja magazi akuuma m'malaya.

Mkulu ujayo? Nditatuluka ndinamupeza pomwepo akudya chimanga chootcha. Akuti mfuti yanu ndi yokalamba akulu. Yokalamba! Inatumikira bambo anga zaka zonsezo osatsokomola. Munthu woyeza wonga ndi maso ngati akuthira mchere m'ndiwo, china wochepa china wosefukira, ndipo wonga wake sudziwa kuti wauchotsa kuti. Ngakhale pepani sananene. Kukamunenera ku polisi ndinalephera, chifukwa nane ndikanayankha kuti ndinazitenga bwanji. Lamulo la mfuti la 1967 lija limagwiranso zipolopolo, laisensi yosungira mfuti si chilolezo chotsegula fakitale kuseri kwa nyumba.

Tsono poti mwafunsa za mtundu. Kuno 12 bore ndiye yosavuta kupeza zipolopolo zake, za 16 kapena 20 bore mudzayenda nazo mpaka nsapato kutha. Ubwino wake mfuti ndi imodzi, mumangosintha machaka. Nambala ikakwera machaka amachepa msinkhu: 6 ndi ya mbalame zing'onozing'ono, 4 imakwana nkhanga, nguluwe imafuna machaka akuluakulu otchedwa AAA kapena SSG. Mukaithira nambala 6 mwangoiputa. Onaninso zolembedwa pa mpope, zonena kutalika kwa chipolopolo chimene mfutiyo imalola. Mfuti zambiri zakale za ku England ndi za 65 mm, pomwe zipolopolo zambiri za masiku ano ndi 70 mm, zina 76 mm. Chachitali chimalowa ndithu, vuto limabwera pophulika. Amene akukuuzani za tizipolopolo ting'onoting'ono ta .22 mu gulu muno akunena zoona kuti ndi zotchipa, koma zimenezo sizidzazidwanso, khoko lake likalira latha.

Musadzaze, musadzazitse, gulani za m'bokosi kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo zophera nyamazo kambiranani kaye ndi a zanyama zakutchire. Komabe sindikunena kuti kudzazanso kumapweteka aliyense ayi. Mlamu wanga ku Johannesburg amadzaza yekha zipolopolo za mfuti yake ya .308 zaka ndi zaka, kumeneko lamulo limalola amene ali ndi laisensi, ali ndi sikelo yake ndi buku la miyezo, zala zake zonse zilipo 10. Ndipo kunena chilungamo, mwa 10 zija ziwiri zoyamba zinalira bwino, imodzi inagwetsa nguluwe yomwe tinadya sabata yathunthu. Zisanu ndi chimodzi zotsalazo zikadali m'chitini pamwamba pa kabati, ndikuopa ngakhale kuzitaya m'chimbudzi.