Funsani Wakale wa Kukhonsolo: za city rates, tikiti ya pamsika ndi mlatho umene uli papepala

Makalata ambiri a mwezi uno achokera konkuno ku Mzuzu, ndipo ena mwa iwo alembedwa mtima uli m'mwamba, moti cholembera chinachita kuboola pepala. Ndasankhapo anayi. Amene mukuwerenga tsambali koyamba dziwani kuti ndinagwira ntchito yowerengera ndalama m'makhonsolo mpaka kupuma. Pano ndimakhala ku Katoto, ndipo kapepala ka city rates kamene kakukwiyitsaniko nanenso kamandipeza.

Bambo, ine ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Chibavi. Poloti tinagula tokha, njerwa tinaumba tokha ndi malemu amuna anga. Lero andibweretsera kapepala koti ndilipire city rates. Ndilipirenji nyumba ili yanga? Misonkho si tikudula kale pogula sopo ndi shuga? Chonsecho mvula ikagwa, msewu wakwathu ngakhale wakabaza amakana kulowa.

Pepani mayi ndi zimene zinakuonekerani. Tiyambe ndi sopoyo. Msonkho umene mumadula m'sitolo amatolera ndi a MRA, ndipo umapita kuthumba la boma ku Lilongwe, lija amati Account Number One. Khonsolo siigwirako pomwepo. Imadikira kuti boma liigawireko, ndipo ngakhale ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti makhonsolo azipatsidwa zosachepera K5 pa K100 iliyonse imene boma latolera, bungwe lawo la MALGA lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti gawolo silikwana. Ndiye mzinda umakhalira zimene watolera wokha: city rates, matikiti a m'misika, malaisensi a bizinesi, za padepoti, ndi tina ndi tina.

City rates si lendi, ndiponso si ground rent. Ground rent mumalipira kwa mwini nthaka amene anakupatsani lizi. City rates ndi chopereka cha aliyense amene ali ndi malo kapena nyumba mumzinda, malinga ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, choti chithandize kuchotsa zinyalala, kukonza ngalande, kuyatsa magetsi a mumsewu ndi kuzimitsa moto. Nyumba ndi yanu ndithu, nchifukwa chake kapepalako kabwera kwa inu. Matchalitchi, mizikiti ndi manda ndi ena mwa malo amene lamulo linawapatula.

Mwina mukudabwa kuti zaka zonse zija bwanji sankabwera. Kale kaundula wa mzinda uno anali ndi nyumba pafupifupi 10,000 zokha, zambiri za m'madera a mapulani monga Kaning'ina ndi Chimaliro. Kuyambira 2013, mothandizidwa ndi bungwe la GIZ la ku Germany, anyamata ndi atsikana anayenda khomo ndi khomo kulemba nyumba, ndipo chiwerengero chinafika cha m'ma 40,000. M'malo modikira katswiri woyeza mtengo wa nyumba iliyonse, amene ndi osowa komanso odula, anagwiritsa ntchito mapointi: kukula kwa nyumba, zomangira, mpanda, dera limene ili. Njirayi inatchuka mpaka kunja. Kwa ine inali ntchito yabwino, chifukwa si chilungamo kuti katundu wa mzinda wa anthu oposa 220,000, monga anawerengera mu 2018, asenzedwe ndi makomo owerengeka.

Koma pa zamsewu sindikutsutsani. M1 ndi msewu wa ku Nkhata Bay ndi ya Roads Authority, pamene tinjira tolowa m'makomo mwathuti n'ta khonsolo. Munthu amene amavula nsapato kuti awoloke matope pakhomo pake ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti ndalama yake ikupita kuti. Chimene ndikukuletsani ndi kupinda kapepalako n'kukaika pansi pa matiresi. Ngongoleyi siiwalika, imabereka chiwongola dzanja, ndipo lamulo limalola khonsolo kukafika nayo kukhoti. Tengani kapepalako, pitani ku ofesi ya zachuma, muwauze akuonetseni zimene analemba za nyumba yanu. Ndaonapo nyumba ya zipinda ziwiri italembedwa ngati ya zinayi, ndaonaponso mpanda wa udzu utasanduka wa njerwa m'kaundula. Ngati alakwitsa, lembani kalata yodandaula ndipo musunge kope lake. Ngati sanalakwitse, pemphani kuti muzipereka pang'onopang'ono. Ndalama iliyonse imene mwapereka, lisiti m'manja. Muonenso kuti dzina la pakapepalapo ndi la ndani, chifukwa ngati likadali la malemu bambo, ndi bwino kuyamba kulikonza pano ana asanadzavutike nalo.

Ndimachita lendi ku Luwinga. Alandilodi akuti ndiwonjezere ndalama ya city rates pamwamba pa lendi. Nzoona zimenezi?

Khonsolo imadziwa mwini nyumba, inu siikudziwani. Ngati simunagwirizane zimenezi polowa, auzeni mwaulemu kuti ngongoleyo ndi yawo. Zoti akhoza kudzakweza lendi mwezi wa mawa, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine ndilibe nayo mankhwala.

Achimwene, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Masiku ena malonda akavuta timangomupatsa wotolera theka la ndalama, iye osang'amba tikiti. Iye wapeza, ife tapeza. Cholakwika n'chiyani, poti ngakhale tilipire yonse zinyalala zimangokhala mulu?

Funso ili landikumbutsa unyamata wanga, ndili kalaliki pa khonsolo ina imene sinditchula. Ikamakwana 4 koloko madzulo otolera ankabwera ndi zikwama, n'kukhuthulira patebulo langa ndalama zonunkha usipa, zina zonyowa ndi madzi a masamba. Ntchito yanga inali kuwerenga ndalamazo n'kuzifanizira ndi zitsa zotsala m'buku la matikiti. Matikiti 200 ang'ambidwa, ndalama zikhale za matikiti 200. Tsiku lililonse zinkagwirizana bwinobwino, ine n'kumasaina, n'kumadzitama kuti pa ine palibe chodutsa.

Loweruka lina ndinapita kukagula nyemba pamsika womwewo. Mayi wina pomasula mfundo ya chitenje kuti andipatse chenji, panagwa tikiti. Nditaitola ndinaona kuti ndi yofewa ngati kansalu, m'mopinda mwake mutachita kuda, koma mayiyo akuti aigula m'mawa womwewo. Nambala yake inali ya buku limene ndinatseka ndekha masabata atatu m'mbuyomo. Kunapezeka kuti wotolera wina ankabwereranso madzulo kudzatolera matikiti, ati akufunika ku ofesi, m'mawa n'kuwagulitsanso. Mabuku anga anali oyera, koma msika wa anthu mazanamazana unkalowetsa ndalama za anthu 200 basi. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo ndimawamvabe.

Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza kuti tikiti ndi K500, ndipo anthu 300 mwapereka K250 popanda tikiti. Wotolera wapita kwawo ndi K75,000, khonsolo yataya K150,000 tsiku limodzi. Mafuta a galimoto ya zinyalala ndi amenewo. Choopsa china n'chakuti amene amalemba bajeti amaona mabuku, saona anthu. Msika umene mabuku ake akuonetsa ndalama zochepa umaoneka ngati waung'ono, ndipo pogawa za chimbudzi ndi shedi umakhala kumapeto.

Sindikunena kuti ndalama yokhala ndi tikiti siibedwa. Imabedwa, mbuzi imadya pamene aimangirira. Koma yokhala ndi nambala imasiya mapazi, a National Audit Office, ofufuza mabuku a ndalama za boma, akabwera amakhala ndi poyambira. Yopanda tikiti ngakhale afufuze bwanji sangaipeze, chifukwa sinabadwe n'komwe. Malangizo anga ndi akuti komiti yanu ya pamsika igule kope la sukulu, tsiku lililonse muzilemba kuti mwakhala angati ndipo matikiti ayambira nambala yanji kulekezera yanji. Pakatha mwezi muli ndi chiwerengero chanuchanu chopita nacho kwa khansala. Ndipo tikiti mukagula, ilembeni deti ndi cholembera, isadzagwirenso ntchito mawa.

Bambo, chaka chatha khansala wathu anatiuza pamsonkhano kuti kamlatho ka kwathu kalowa mu bajeti. Tinaombera m'manja. Mpaka lero tikuwolokabe pa matabwa. Kodi ndalamazo anadya? Ndine mnyamata wa ku Mchengautuwa.

Mwanawe, usafulumire kuloza chala. N'kutheka kuti zinadyedwa, koma nthawi zambiri zimene ndinaona ine n'zakuti ndalamazo sizinakhalepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bajeti ndi chiyembekezo cholembedwa bwino: tikuganiza kuti titolera zakuti, boma litipatsa zakuti, ndiye tidzachita izi. Imadutsa ku komiti ya zachuma ya makhansala, kenako ku msonkhano wa khonsolo yonse, n'kukaunikidwa ndi National Local Government Finance Committee, bungwe la boma loyang'anira chuma cha makhonsolo. Ponseponsepo akuvomereza manambala, palibe amene waika kwacha patebulo.

Ndiulule tchimo langa. Chaka china, kuti mbali ziwiri za bajeti zifanane komanso khansala aliyense apezemo kake, tinalemba ngati aliyense wa ngongole ya rates adzalipira, chonsecho tikudziwa kuti sizinachitikepo chilengedwere. Pofika pakati pa chaka, zimene zalowa zinkathera ku malipiro, mafuta, magetsi ndi madzi. Zimenezi sizidikira. Mlatho ndiwo umadikira, chifukwa sunyanyala ntchito. Onjezerapo zonga zimene zinachitika mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti: simenti ndi zitsulo zimene zinawerengeredwa mu Epulo zinali zitathawa mtengo chaka chisanathe, ndipo makontirakitala ambiri anangoima.

Khansala sasunga ndalama, sasainanso cheke. Zimenezo n'za mkulu wa khonsolo ndi mkulu wa zachuma, amene ndi olembedwa ntchito. Ntchito ya khansala ndi kuvomereza bajeti ndi kulondola ngati ikutsatidwa. Achinyamata simungakumbuke, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo ife a m'maofesi tinazolowera kugwira ntchito popanda wotifunsa. Chizolowezi chotere sichitha msanga. Kulakwa kwa khansala wanu, ngati kulipo, n'kwakuti analandira m'manja mwanu muja koma osabweranso kudzakuuzani pamene zafika.

Ukamufunsa usamufunse kuti mlatho uli kuti, adzakuyankha kuti zili m'ndondomeko. Mufunse kuti unaikidwa pa thumba liti, la ndalama zotolera mumzinda momwemuno kapena lochokera ku boma. Mufunse kuti analemba zingati, ndipo pa zimenezo zafika zingati. Akapanda kudziwa, mupite limodzi ku ofesi. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu wamba akakhalepo n'kumvetsera, ngakhale kuti pa zaka zanga zonse mipando ya alendo inkakhala ndi atolankhani awiri atatu basi. Palinso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lemba kalata yopempha lipoti la momwe ndalama zalowera ndi kutuluka, uisiye kwa mlembi, akudindire pa kope lako.

Chaka cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, osati Julayi ngati kale. Ndiye kuti zokoka ndi kukankha za bajeti yatsopano zimachitika mvula ili mkati, matabwa anu aja ali oterera. Imeneyo ndiyo nthawi yopita ndi anzako a m'komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, zithunzi za pamtsinjepo zili mufoni. Ukadzalandira yankho la kalatayo unditumizire kope, tidzaliwerengera limodzi patsamba lino.